Mafunso a kafukufuku asamamasuliridwe pakhomo pa gogo

Akonzi,

Ndilankhuleko ndi ophunzira saikoloje muno mu Harare amene amachita kafukufuku pakati pa anthu athu olankhula Chichewa ku Mabvuku, Tafara, Mbare ndi Epworth. Ambiri amanyamula mafunso a Chingerezi n'kumawamasulira pakamwa atafika kale pakhomo. Zikatero nyumba iliyonse imamva funso lakelake, ndipo mayankhowo sangawonkhetsedwe pamodzi.

Anthu awiri ayambe amasulira mafunsowo papepala, aliyense payekha. Wachitatu, yemwe sanaone a Chingerezi aja, awabwezere m'Chingerezi, ndipo pomwe pasemphana mpomwe pali vuto. Mawu oti depression, matenda a maganizo okhalitsa munthu wosasangalala kwa nthawi yaitali, ndiye amazunguza. Mukalemba kuti "kukhumudwa", ngakhale amene wangoyambana ndi mlamu wake dzulo avomera. Kenako mafunsowo muwawerengere anthu pafupifupi 10, aliyense anene m'mawu ake zomwe wamva. Funso loti "Kodi mumavutika kugona ndi kudya?" muligawe pawiri, poti likufunsa zinthu ziwiri. Samalaninso ndi ulemu wa akuluakulu athu, amene amangoti "inde mwanangu" posafuna kutsutsa mlendo, choncho mafunso ena atembenuzidwe kuti wodwala aziyankha "ayi". Mukayesa pa anthu ngati 30, werengerani Cronbach's alpha, nambala yosonyeza mmene mayankho a mafunsowo akugwirizanirana; ikachepera 0.7, mwina mafunso anu sakuyeza chinthu chimodzi.

Chitsanzo chili pakhomo pompano. Mafunso 14 a Shona Symptom Questionnaire, ofufuzira matenda a maganizo, anatengedwa m'kalankhulidwe ka odwala a muno mu Harare, monga kufungisisa, kumene ife timati kuganiza kwambiri. Koma ndi a Chishona. Mukawamasulira, malire a mapointi osonyeza kuti munthu akudwala ayenera kuyesedwanso. Mafunso ena 20 otere a SRQ (Self-Reporting Questionnaire), a bungwe la WHO, alipo kale m'Chichewa ndipo anayesedwa ku Malawi, ngakhale Chichewa cha ku Tafara chasakanikirana ndi Chishona, moti nawonso ngofunika kuwayesa kaye.

Pa kasankhidwe ka anthu, werengani kafukufuku wa Dr Dixon Chibanda wa 2016 wa Friendship Bench, ntchito imene agogo ophunzitsidwa amacheza pabenchi ndi anthu ovutika maganizo. Munali anthu 573 m'zipatala 24, ndipo maere osankhira olandira chithandizocho anachitidwa pa zipatala, osati pa anthu, kuopa kuti odwala a chipatala chimodzi angamauzane zomwe aphunzira kwa agogo a pabenchi. Amene angofunsa anthu a kutchalitchi kwawo Lamlungu asalembe kuti wafufuza Achewa a mu Harare.

Musanagogode pakhomo lililonse, pezani chilolezo cha Medical Research Council of Zimbabwe, ndipo fomu yovomereza ikhalenso m'Chichewa.

Mphunzitsi wa njira za kafukufuku,
Harare