Lipoti la msonkhano wa za anangumi ku Durban, kwa aphunzitsi oyang'anira makalabu a zachilengedwe m'boma la Dedza

A Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi inu nonse aphunzitsi anzanga, zikomo chifukwa chondituma. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a Msungichuma. Pano ndikutulireni zimene ndinaona ndi kumva, komanso pempho langa kwa gulu.

Msonkhano unali wa aphunzitsi, ofufuza za m'nyanja, ndi eni maboti amene amanyamula alendo kukaona anangumi. Unachitika mu Ogasiti, pakati pa nyengo imene anangumi a linunda, aja azungu amati humpback, amadutsa m'mphepete mwa KwaZulu-Natal, chigawo cha South Africa kumene kuli Durban. Nyamazi zimadya ku Antarctica, kumene kuli tinkhanu tambirimbiri totchedwa krill. Kuzizira kukayamba zimanyamuka ulendo wa makilomita masauzande kupita kumadzi ofunda a ku Mozambique ndi Madagascar, kukakwerana ndi kukabereka. Zimayamba kuoneka cha mu Juni, ndipo pofika Novembala zambiri zimakhala zabwerera kummwera, ana ali pambali. Ulendo wonsewo zimadya pang'ono kwambiri, zimadalira mafuta a m'thupi. Mayi amayamwitsa mwana iye mwini asakudya.

Anatitengera pa Bluff, chitunda chimene chili pakhomo pa doko la Durban. Choyamba kuoneka si nyama yeniyeniyo ayi, koma mpweya wake: kankhungu koyera kamene kamatumphuka pamwamba pa madzi n'kumwazika ndi mphepo. Kenako msana wakuda umatuluka, n'kupindika, mchira n'kudzuka n'kumira. Titakwera boti, nangumi wina wamkazi ndi mwana wake anayandikira okha injini ili chete. Ndinaona bwinobwino timatuza ta pamutu pake, ndi tizigoba toyera tomamatira pachibwano. Atapuma, fungo la nsomba linatipeza tonse. Chipsepse chake cham'mbali, choyera kunsi, chimafika mamita 5, ndipo nyama yonse imatalika mamita pafupifupi 15, ngati makalasi awiri ogundizana. Mwana uja ankangotsamira mayi wake, n'kumapuma pafupipafupi kuposa iye.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri chili kumunsi kwa chitunda chomwecho: mabwinja a malo ophera anangumi. Ntchito yopha anangumi ku Durban inayamba mu 1908 ndipo inatha mu 1975. Ankawakokera kumtunda, kuwasenda, n'kuwaphika kuti apeze mafuta. A linunda ndiwo anayamba kutha, chifukwa amasambira pang'onopang'ono, pafupi ndi gombe. Bungwe la maiko loona za kupha anangumi, la International Whaling Commission, linaletsa kuwapha kummwera kwa dziko lapansi mu 1963, ndipo mu 1982 linagwirizana zoimitsa malonda opha anangumi a mitundu yonse. Palibe amene anawaweta kapena kuwapatsa chakudya. Anthu anangoleka kuwapha, lamulo n'kugwira, ndipo lero munthu ataima pomwe ankawaphera paja amawaona akudumpha. Aphunzitsi anzanga, ana athu timawauza zambiri za zinthu zimene zikutha. Nkhani iyi ndi ya chinthu chimene chinabwerera, ndipo ayenera kuimva.

Akudziwa bwanji kuti achuluka? Amawerenga. Ku Cape Vidal, kumpoto kwa Durban, ofufuza anayamba mu 1988 kukhala pansanja pamwamba pa zitunda za mchenga, n'kumalemba nangumi aliyense wodutsa. Komanso kunsi kwa mchira wa nangumi aliyense kuli mawanga akeake, choncho chithunzi chimodzi chabwino chimakwana kumuzindikira. Alendo wamba amatumiza zithunzi zawo pa tsamba la Happywhale, ndipo kompyuta imafananitsa ndi zimene ena anajambula kumaiko ena.

Za ma orca tinangomva, sitinawaone, poti ku Durban saonekaoneka. Ndi akuda ndi oyera, a m'banja la ma dolphin, ndipo ndiwo aakulu m'banjamo. Chipsepse cha pamsana wa wamwamuna chimatha kufika mamita 1.8. Amakhala m'mabanja otsogozedwa ndi mayi wamkulu, ndipo agogo aakazi amakhala zaka zambiri atasiya kubereka, akutsogolera zidzukulu kumene kuli chakudya. Ife a kuchikamwini nkhani imeneyi sinatidabwitse. Anationetsa zithunzi za amuna awiri otchuka, Port ndi Starboard, amene zipsepse zawo zinapindika, wina chakumanzere wina chakumanja. Mu 2017 nyanja inalavula mitembo ya shaki zazikulu zoyera ku Gansbaai, chakufupi ndi Cape Town, ma orcawo atachotsa chiwindi chokha mwa zina, ndipo shaki zambiri zinathawa m'deralo. Eni maboti amene ankadya za alendo odzaona shaki anavutika. Ma orca amagwiranso ana a anangumi a linunda, ndipo anangumi akuluakulu ambiri ali ndi zipsera za mano kumchira zimene anazitenga ali ana.

Mkangano unabuka pa nkhani ya kuyandikira. Lamulo la ku South Africa limati boti lopanda chilolezo lisafike pafupi kuposa mamita 300, ndipo lachilolezo liime pa mamita 50. Ena mwa eni maboti anadandaula kuti mlendo amene walipira amafuna chithunzi chapafupi, ndipo akapanda kuchipeza amapita kwa wina wosasamala malamulo. Ofufuza anayankha kuti mayi woyamwitsa alibe mphamvu zoti aziwononga pothawa injini. Ine ndinaima ndi ofufuza. Tinaona tokha kuti boti likazima n'kudikira, nyama imabwera mwakufuna kwake. Anatchulanso maukonde ndi zingwe za asodzi zimene zimakola anangumi, sitima zikuluzikulu zimene zimawagunda, ndi mapulasitiki.

Pa mapulasitiki m'pamene ndinaimika dzanja. Ndinawauza kuti kwathu kulibe nyanja ya mchere, koma Linthipe amathira m'nyanja ya Malawi, nyanjayo imatulukira mu Shire, Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathera kugombe la Mozambique kumene anangumiwa amaberekera. Ndinawauzanso za mpasa, nsomba yathu imene imachoka m'nyanja kukwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaswa, ndipo ikuchepa chifukwa cha katupe, kutchinga mitsinje ndi misampha, ndi dothi lokokoloka m'minda ya m'mphepete mwa madzi. Anamvetsera mwachidwi, ndipo ofufuza ena anapempha kuti tiziwalembera.

Pempho langa ndi ili. Makalabu a kumunsi, a ku Mtakataka ndi Golomoti, ayambe kaundula: kope limodzi, tsiku limodzi lokhazikika pa sabata, ana azipita padoko ndi mphunzitsi, alembe mitundu ya nsomba zimene zafika ndi kukula kwake. Tiyambe tagwada kwa mafumu ndi makomiti a m'madoko, chifukwa popanda iwo asodzi adzayesa kuti tabwera kudzawagwiritsa. Makalabu a kumtunda, a kuboma, Linthipe ndi Lobi, atenge mtsinje umene uli pafupi ndi sukulu yawo, aziwerenga majumbo ndi mabotolo amene atola. Sizifuna ndalama zambiri, koma zimafuna kuti mphunzitsi akasamutsidwa kope lisasamuke naye.

Ndabwera ndi zithunzi ndi mawu ojambulidwa a nyimbo ya nangumi wamwamuna, poti amuna okha ndiwo amaimba. Amene ali ndi foni abwere nayo pa msonkhano wathu wotsatira ndidzamutumizire. Mubwerenso ndi chingwe cha mamita 15 choti mukayale pabwalo la sukulu, ana aime m'mbali mwake. A Wapampando, ndikupempha kuti nkhani ya kaundula ilowe pa mndandanda wa zokambirana za tsikulo.