Pempho la thandizo: kiliniki ya ana athu ikufuna denga, mlangizi wa zaumoyo akufuna pogona

Kwa ana a mudzi uno amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja. Kwa abusa, ansembe ndi mashehe. Komanso kwa inu akuluakulu amene mumatsogolera mabungwe a zaumoyo ndi chitukuko,

Tikukulonjerani tonse a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwathu, kuno ku Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje. Kalata iyi tailemba titakhala pansi ndi a gulupu, anyakwawa ndi amayi a kusikelo, ndipo onse agwirizana kuti ituluke. Inu amene mchombo wanu unagwera kuno, njira mukuidziwa. Enanu tikuuzeni kuti mayi wonyamuka pano tambala woyamba atalira, mwana ali kumsana, amakafika kuchipatala dzuwa litakwera kale. Dzinja likafika, mtsinje n'kudzaza, za ulendowo timangoiwala. Wa kabaza amakana, ndipo sitimuda, chifukwa njinga yake ndiye munda wake.

Chimene tikupempha ndi chimodzi: tithandizeni kumanga kanyumba ka kiliniki ya ana, ndipo pambali pake nyumba yogonamo mlangizi wa zaumoyo.

Mwina ena mudabwa kumva kuti kiliniki tili nayo kale. Ilipodi, koma ilibe khoma. Kuyambira 2008 boma linayamba kutsegula makiliniki a m'midzi yovuta kufikako, ndipo linaphunzitsa alangizi a zaumoyo, aja ovala yunifolomu ya mtundu wa mtambo, kuti azithandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu pa matenda amene amatha ana msanga. Mwana akatentha thupi amamubaya kachala n'kuyeza malungo, akawapeza amapereka LA. Akamatsokomola, mlangizi amavundukula kamalaya n'kuwerenga mpweya wake kwa mphindi yathunthu, ndipo ukakhala wothamanga amadziwa kuti ndi chibayo. Wotsegula m'mimba amalandira Thanzi ORS ndi zinki. Pali kalamba kaja koyezera pamkono, koonera ngati mwana wanyentchera. Kakafika pofiira, mwana amatumizidwa kukalandira chiponde. Mankhwala onsewa amakhala m'bokosi la maloko awiri: kiyi wina ali ndi mlangizi, wina ali ndi mmodzi wa ife a komiti, kuti pasakhale wotsegula yekha.

Ntchito yonseyi kwathu kuno imachitikira pansi pa mtengo wa mango. Sikelo timaipachika panthambi. Benchi timabwereka kutchalitchi, ndipo tsiku la maliro kapena la msonkhano wa chigwirizano benchiyo siipezeka. Mvula ikayamba amayi amathawira pakhonde la nyumba yoyandikana nayo, mabuku a kuchipatala atawabisa m'zitenje. Kaundula wa mlangizi ananyowapo kangapo. Nanga mayi wofuna jakisoni wa kulera aziululira pati ntchafu, pamene anyamata a mpira akudutsa pomwepo? Ambiri amangobwerera osanena chimene anabwerera.

Koma vuto lalikulu ndi la pogona. Mlangizi wathu alibe nyumba m'mudzi muno, choncho amachita lendi kutali, kumsika, n'kumabwera panjinga masiku oikika. Sitikumudandaula ayi, ndi munthu wodzipereka, ndipo tamuonapo akuwoloka madzi a m'chiuno chikwama chili pamutu. Koma malungo sadziwa tsiku la kiliniki. Mwana amatentha thupi usiku, amakomoka mbandakucha. Mankhwala ali m'bokosi pompano, kiyi mmodzi tili naye, koma munthu wodziwa kuyeza ndi kupereka ali tsidya lina la mtsinje. Makolo amathamangira kugolosale kukagula panado, ena kwa asing'anga, kudikira kuti kuche. Ife a komiti ndi amene timayenda m'makomo pambuyo pa zovuta, ndipo mawu amene timamva kawirikawiri ndi akuti, "Akanakhala pafupi adokotala aja." Boma linaika cholinga choti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000 ndipo azikhala pakati pawo. Kukhala pakati pawo kumafuna denga.

Tsono tilankhule pang'ono ndi inu a mabungwe, chifukwa tikudziwa kuti makalata ngati awa mumalandira ambiri.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife taona kuthwa kwake. Amene tili ndi imvi tikukumbukira zaka za m'ma 1990, pamene makasu okumbira manda sankauma dothi chifukwa cha Edzi. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, anthu amene tinkawaulutsira ntchentche anadzuka n'kukalima. Mpaka lero ambiri mwa mankhwalawo amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, thumba la maiko lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo. Mu 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kunena kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala moyo wake wonse, ndipo ana obadwa pambuyo pake tikuwaona akupita kusukulu ali bwinobwino. Mu Epulo 2019 katemera wa malungo anayambira dziko lino, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Masikito timagonamo sitinagule tokha. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti matenda a maso a trachoma salinso vuto lalikulu m'Malawi. Zonsezi sitingazikane, ndipo amene anganene kuti thandizo lakunja silinathandize kanthu sanakhalepo pa siwa zaka zimenezo.

Komatu akuluakulu omwewo amatinso mlendo ndi mame. Kuno kwadutsa mapulojekiti ambiri, ena maina awo tinaiwala, tangotsala ndi matisheti amene tikulimira. Amabwera ndi galimoto zoyera, atisonkhanitsa, atigawa m'magulu, atilembetsa mavuto athu pa mapepala aakulu aja omata pakhoma. Nthawi zonse timalemba zomwezi: nyumba ya mlangizi, denga la kiliniki, mlatho. Nthawi zonse yankho limakhala lakuti ndalama zimene anabwera nazo ndi za maphunziro, zomangamanga sizili m'ndondomeko. Taphunzitsidwa kusamba m'manja mobwerezabwereza, mpaka agogo ena anafunsa pamsonkhano kuti kodi manja athu ndi akuda chotani. Bungwe lina, dzina tilisunge, linatikumbira mjigo wabwino ndithu, koma silinatiuze kumene tingagule marabala ake ndi zitsulo zake, ndipo unakhala wakufa nyengo yathunthu mpaka tinapeza mmisiri wa m'dera tokha. Lina linabweretsa njinga ya ambulansi ya matayala amene sapezeka pamsika uliwonse wa kuno. Ili kuseri kwa nyumba ya a nyakwawa, nkhuku zikuikiramo mazira.

Sitikunena izi mwachipongwe. Tikudziwa kuti amene amabwera kuno ndi otumidwa, ndipo owatumawo nawonso ali ndi owatuma, ku Lilongwe, ku Geneva, ku Washington, ku London. Ndiye chifukwa chake tikulembera inu amene mumakhala pamene ndondomeko zimalembedwa. Timamva za ku Neno, kumene a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anafika mu 2007 n'kukhazikika, kugwira ntchito limodzi ndi boma, kumanga zipatala, ndi kulemba anthu a m'midzi momwemo kuti aziyendera odwala khomo ndi khomo. Timamva za ku Chiradzulu, pafupi pathu pompa, kumene a bungwe la madokotala ochokera kunja la MSF anayamba kupereka ma ARV mu 2001, pamene ambiri ankati kumudzi sizingatheke. Kumene zinthu zinayenda, alendowo anakhalitsa, ndipo anasiya luso m'manja mwa anthu okhala pomwepo.

Chaka cha 2025 chinatitsegula maso. Pa 20 Januwale boma la America linaimitsa thandizo lake la kumaiko akunja, ndipo pofika Julayi bungwe lake lopereka thandizolo, la USAID, linali litatsekedwa. Ife nkhaniyi tinaimvera pa wailesi, koma tinaionanso ndi maso. Achinyamata amene ankalondola anthu osiya mankhwala otalikitsa moyo anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Galimoto imene inkabwera ndi anamwino mwa apo ndi apo inasiya kuoneka. Amene anatsala ndi mlangizi uja wa yunifolomu ya mtambo, chifukwa iye malipiro ake amachokera kuboma. Ntchito yake ndi yakale kuposa mapulojekiti onse: anthu a ntchito imeneyi anayamba ndi katemera wa nthomba, kenako n'kulimbana ndi kolera m'zaka za m'ma 1970. Titakhala pansi kuganizira, tinaona kuti ngati pali chinthu choti tiikepo mphamvu zathu, ndi munthu ameneyu.

Ndipo kuno ngozi sizitipatsa nthawi. Achikulire akukumbukira Napolo wa mu Malichi 1991, pamene miyala ndi matope zinatsika m'phiri n'kukwirira midzi ya ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwereza zomwezo. Anthu oposa 1,000 anamwalira m'chigawo cha kummwera, misewu ndi milatho zinapita, ndipo madera ena a boma lino la Phalombe thandizo linkafika ndi ndege basi. Nthawi imeneyo n'kuti kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 asanathe, uja anatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Masiku amenewo munthu wodziwa kusungunula kolorini moyenera ndi kumwetsa ORS anali wofunika kuposa galimoto iliyonse, chifukwa galimoto inalibe podutsa.

Ife sitinakhale manja lende. A gulupu anapereka malo okwera, kumene madzi a Freddy sanafike, ndipo eni mundawo anavomera pamaso pa anthu, zinalembedwa. Mchenga tatuta, amayi pamutu, abambo pangolo. Miyala achinyamata aswa, mulu wake mukhoza kuuona muli kumsewu. Amisiri awiri a m'mudzi muno alonjeza kumanga pa mtengo wachibale, ndipo mbumba iliyonse ili ndi tsiku lake lotunga madzi ndi kuphikira ogwira ntchito. Dzenje la chimbudzi tayamba kale kukumba. Poyamba tinkafuna kuumba njerwa n'kuwotcha monga tinazolowera, koma tinakumbutsidwa kuti kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma. Tinang'ung'udza, koma tikayang'ana mmene phiri lametedwera, n'kukumbukira kumene matope aja anachokera, tinakhala chete. Ndiye tiumba mabuloko a simenti, ndipo apa m'pamene mphamvu zathu zathera. Chigwereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la simenti lakhala chinthu choti mlimi wa nandolo amangochiyang'ana pashopu.

Chotero tikupempha simenti, malata, matabwa a denga, misomali, zitseko zolimba ndi maloko ake, mafelemu a mawindo ndi laimu. Kiliniki ikhala ya zipinda ziwiri, china choonera ana, china chotsekeka cha amayi ndi bokosi la mankhwala, kutsogolo kukhale khonde lalikulu la sikelo. Nyumba ya mlangizi ikhala yaing'ono, yokwanira munthu ndi banja lake. Pakapezeka wachifundo wowonjezera ka sola kounikira usiku ndi kutchajira foni, tidzavina. Mapulani tinawaonetsa kwa akuluakulu a zaumoyo a dera lino, ndipo pempholi tinalipititsanso ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kuti likafike ku komiti ya chitukuko ya dera lonse (ADC). Lili pamzere, koma midzi yolira chimodzimodzi ndi yambiri, ndipo sitingaiimbe mlandu.

Tikudziwa chimene chimakugwetsani ulesi inu a kutali: munatumizapo ndalama za chitukuko, n'kumva kuti zinalowa m'thumba la munthu. Nafenso zoterezi tinazionapo, ndiye takonza motere. Amene angathe, atigulire katundu weniweniyo m'malo motumiza ndalama; thumba limodzi la simenti kapena lata limodzi si laling'ono kwa ife. Amene ali kutali n'kufuna kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, ndalamazo zizilandiridwa pamaso pa anthu atatu, msungichuma wa komiti, mayi mmodzi wosankhidwa ndi amayi a kusikelo, ndi nthumwi ya a gulupu. Chilichonse cholowa ndi chotuluka chizilembedwa m'buku, ndipo bukulo liziwerengedwa mokweza pabwalo kumapeto kwa mwezi uliwonse. Malisiti tiziwajambula n'kuwatumiza pa gulu la WhatsApp la ana a mudzi uno. Wofuna kudzaona ndi maso abwere tsiku lililonse, osachita kutichenjeza.

Kwa inu a mabungwe, ngati malamulo a ndalama zanu salola kugula malata, musangopinda kalatayi. Tiuzeni khomo lina loti tikagogode, kapena itengereni kwa amene amalemba malamulowo, akaone chimene anthu a kumudzi amapempha akafunsidwa. Mukadzabweranso ndi maphunziro tidzabwera ndithu, koma tingakonde kudzakhala pansi pa denga lathu. Ndipo inu ana athu a ku Joni, tikudziwa kuti kumeneko ndalama siitoledwa pansi, ena mumagona m'zisakasa kuti kuno kudyedwe. Mutu umodzi susenza denga. Mukasonkherana anayi kapena asanu, lata limatuluka.

Yankho lanu lipite kwa wapampando wa komiti kapena kwa a gulupu, kudzera mwa m'bale amene wakupatsirani kalatayi. Tikufuna mabuloko aumbidwe ndi kuuma nthawi ya chilimwe, denga likhale litakhomedwa mvula ya Novembala isanagwe, chifukwa mtsinje ukadzaza ngakhale ngolo ya simenti siwoloka.

Ife anu,
Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, pamodzi ndi a gulupu ndi anyakwawa