BC kapena BCE, chaka ndi chomwecho

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mkangano womwe sukutha pakati pa olemba nkhani pa Wikipedia: kodi zaka zizilembedwa ndi BC (Before Christ, Khristu asanabadwe) ndi AD, kapena BCE ndi CE (CE ndi Common Era, nyengo ya onse, ndipo BCE ndi Before Common Era, nyengoyo isanayambe)? Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale komanso Mkhristu, choncho nkhaniyi imandikoka uku ndi uku.

Ofuna BCE ndi CE akuti malo owerengedwa ndi Asilamu, Ayuda, Ahindu ndi osapembedza asamaike chikhulupiriro cha ena m'kamwa mwa aliyense. AD ndi chidule cha Anno Domini, chaka cha Ambuye. Myuda akazengereza kulemba zimenezi, ine sindimuona kulakwa. Akatswiri achiyuda ankalemba kale CE m'zaka za m'ma 1800, ndiye tisamati ndi fashoni yadzulodzuloli.

Koma amene amati CE sakondera chipembedzo chilichonse akudzinamiza. Kuwerengako kukuyambirabe pomwe anakuyambitsira Dionysius Exiguus, mmonke yemwe mu 525 ankakonza ndandanda ya masiku a Pasaka. Sanafune kuwerengera zaka kuchokera pa Diocletian, mfumu ya Roma yomwe inazunza Akhristu, ndiye anayambira pa kubadwa kwa Yesu. Bede wa ku England anadzafalitsa kawerengedweka m'zolemba zake za mu 731. Fufutani zilembo mmene mungafunire, Julius Caesar anaphedwabe mu 44, kaya mumati BC kaya BCE, ndipo kalendala yomwe tikutsatira ndi ya Papa Gregory XIII ya mu 1582. Kwina nakonso poyambira pali chipembedzo: Asilamu amayambira mu 622 pamene Mtumiki Muhammad anachoka ku Mecca kupita ku Medina, ndipo ku Thailand, potsatira Buddha, ali patsogolo ndi zaka 543.

Anzanga a BC nawo asadzigugude pachifuwa. Dionysius anaphonya masamu. Akatswiri ambiri amati Mfumu Herode anamwalira mu 4 BC, pomwe Mateyu akuti Yesu anabadwa Herodeyo ali moyo. Ndikalemba pabolodi kuti Yesu anabadwa zaka zingapo Khristu asanabadwe, kalasi yonse imafa ndi phwete. Pamenepo pokha BCE imandipulumutsa.

Lamulo la Wikipedia yachingerezi ndi lakuti njira zonse ziwiri n'zololedwa, nkhani imodzi itsatire njira imodzi, ndipo munthu asasinthe yomwe waipeza popanda kugwirizana ndi anzake pa tsamba lokambirana. Ena amati n'kuthawa nkhani. Ine ndimagwirizana nalo, chifukwa popanda lamuloli wina amasintha BC aliyense usiku, mnzake n'kubweza m'mawa, wachitatu n'kubweranso masana, chonsecho palibe wafufuza ngati chaka chomwe akulimbiranacho chili cholondola n'komwe. Zikanakhala za ine, nkhani ya Augustine, bishopu wachikhristu, ikanakhala ndi AD, ya Confucius, mphunzitsi wanzeru wa ku China, BCE, basi.

Chimene chimawagwetsa ana anga pamayeso si zilembozi. Amaiwala kuti zaka za Yesu asanabadwe zimawerengedwa chobwerera, kuti 300 inadza 200 isanafike, komanso kuti chaka cha 0 kulibe: ukachoka pa 1 BC wafika pa AD 1. Olemba pa Wikipedia atalimbikira kufotokoza zimenezi momveka, mwina ndingasiye kuchonga mayankho osiyana ndi chaka chimodzi.

Mphunzitsi wa mbiri yakale