Chilengezo: Loweruka tikumana kulemba nkhani pa Wikipedia ya Chichewa

Mamembala nonse, moni.

Loweruka likudzali tikumana pamalo athu a nthawi zonse kuyambira 9 koloko m'mawa, kuti tilembe limodzi nkhani pa Wikipedia ya Chichewa (ny.wikipedia.org). Wikipedia idayamba mu 2001, ndipo ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni. Yathuyi nkhani zake n'zochepa kwambiri, zambiri n'zamizere iwiri kapena itatu basi.

Ulendo uno tiika mtima pa amayi a m'mbiri yathu. Tiyamba ndi Mayi Rose Chibambo, omwe nkhope yawo ili pa ndalama ya K200, komanso Mayi Vera Chirwa, mayi woyamba kukhala loya m'Malawi muno. Nthawi ikalola tikhudzanso zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, idaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006.

Chonde tsegulani akaunti yanu muli kunyumba. Wikipedia imangolola maakaunti 6 atsopano patsiku kuchokera pa intaneti imodzi, ndiye tikadikira kutsegulira pamodzi, ena adzangokhala manja lende.

Bwerani ndi laputopu kapena foni, tchaja, ndiponso buku kapena nyuzipepala yonena za munthu amene mukufuna kumulemba. Apa tisanamizane: nkhani yopanda umboni wolembedwa imatha kufufutidwa, ngakhale mutaimva kwa agogo anu enieni. Kukopera mawu a wina ndendende n'koletsedwanso, lembani m'mawu anuanu.

Amene simunalembepo musaope, tikhala awiriawiri, wodziwa ndi woyamba kumene. Tiuzeni pofika Lachinayi ngati mubwera, kuti tidziwe za chakudya chamasana.

Zikomo,
Mlembi wa gulu