Tisalole nsomba zachilendo kulowa m'maiwe athu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa pempho limene alimi ena a nsomba akhala akulibwereza, loti boma liwalole kuweta nsomba ya Nile tilapia m'maiwe awo. Dandaulo lawo ndi lomveka, chifukwa makumba ndi chilunguni zimene timaweta zimachedwa kukula, chakudya cha nsomba chakwera mtengo, pomwe anzawo a ku Zambia amakolola nsomba zonenepa m'miyezi yochepa. Ngakhale zili choncho, ndikupempha kuti lamulo la za usodzi la 1997, limene limaletsa kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, lisafewetsedwe ngakhale pang'ono.

Amene akupempha amati nsombazo zidzakhala zotsekeredwa m'maiwe, koma tonse tinaona mmene madzi osefukira a namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023 anakokololera minda, milatho ndi nyumba m'chigawo cha kummwera. Dziwe lokumba ndi khasu silingapirire madzi otere, ndipo nsomba ikangolowa mumtsinje, palibe khoka limene lingaibweze. Kunyanja ya Kariba, ya pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, zinachitikadi. Nile tilapia inafala m'nyanjamo kuchokera kwa oweta nsomba m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero nsomba ya mtundu wake yomwe inali mwini malo yatsala pang'ono kutheratu. Mumtsinje wa Kafue ku Zambia, Nile tilapia ikuswana ndi nsomba zakomweko, moti mtundu weniweni ukusungunuka.

Apa ndi pamene mtima wanga uli, chifukwa Nile tilapia ndi pachibale ndi chambo chathu komanso makumba. Ikalowa m'nyanja ya Malawi kapena ya Malombe idzalimbirana nazo chakudya ndi malo oswanirana, ndiponso ikhoza kukwerana nazo n'kubereka nsomba zosakanizika. Chambo chili kale pamavuto chifukwa cha kupha mopyola muyeso ndi maukonde a maso aang'ono. M'chaka cha 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutha. Nsomba yofooka kale chonchi sitingaibweretsere mdani wina. Tikumbukirenso kuti nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi, n'chifukwa chake bungwe la UNESCO linazindikira paki ya ku Cape Maclear m'chaka cha 1984. Anzathu a kunyanja ya Victoria anataya mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zazing'ono zofanana ndi zathuzi pambuyo poti nsomba yolusa ya Nile perch yaikidwamo m'zaka za m'ma 1950.

Ifenso tili ndi chipsera chathu. Namasupuni kwawo ndi ku South America, koma lero wadzaza mu Shire, akutseka njira za mabwato a asodzi a kuchigwa, ndipo kampani ya EGENCO imawononga ndalama chaka ndi chaka kuchotsa zomera zoyandama ku Liwonde kuti zisakatseke makina opangira magetsi ku Nkula.

Zimene alimi akufuna ndi nsomba yokula msanga, ndipo imeneyo tingathe kuipeza kuchokera m'mitundu yathu yomwe. Boma liike ndalama zokwanira pa ntchito yosankha mbewu yabwino ya makumba imene akatswiri a ku Domasi ndi ku Bunda anaiyamba, lichotse misonkho pa zipangizo zopangira chakudya cha nsomba, ndipo alangizi azifika kumene kuli maiwe. Popeza Nile tilapia inapezeka kale m'maiwe ena a ku Tanzania amene madzi ake amatsikira m'nyanja yathu, nthambi ya za usodzi ikambirane ndi maiko a Tanzania ndi Mozambique, komanso iphunzitse ogwira ntchito pazipata za Songwe, Mchinji ndi Mwanza kuzindikira ana a nsomba amoyo amene angalowetsedwe mozemba.

Wowerenga wanu,
Mangochi