Za Fernando Torres: liwiro, bondo ndi ntchito ya uphunzitsi

Achimwene,

Kalata yanu yafika, ndipo ndakondwa kumva kuti anyamata amene mumawaphunzitsa mpira Loweruka ku Joni kumeneko akuchuluka. Mwandifunsa zinthu ziwiri zokhudza Fernando Torres: chinamudya n'chiyani atapita ku Chelsea, komanso bwanji munthu wa dzina lalikulu chonchi anakayambira uphunzitsi pansi, kwa ana. Ine ndimaona kuti mafunso awiriwa amagwirana, ndipo poti inunso muli ndi ana oti muwaphunzitse kumwetsa zigoli, ndifotokoza mwatsatanetsatane.

Torres anabadwa pa 20 Malichi 1984 ku Fuenlabrada, kum'mwera kwa mzinda wa Madrid, ndipo analowa mu timu ya ana ya Atlético Madrid ali ndi zaka 11. Masewero ake oyamba mu timu yaikulu anali pa 27 Meyi 2001 ndi Leganés, ali ndi zaka 17, ndipo patangotha sabata anamwetsa chigoli chake choyamba posewera ndi Albacete. Anthu amaiwala kuti nthawi imeneyo Atlético inali itatsika mu ligi yachiwiri. Mwanayu anakulira pa mpira wa nkhanza, wa otchinga kumbuyo achikulire amene amayamba ndi chigongono. Chaka chotsatira mphunzitsi Luis Aragonés anaikwezanso timuyo, koma Torres anamwetsa zigoli 6 zokha. Atalowa mu La Liga anamwetsa 13, kenako 19, ndipo pa zaka 19 anali kale kaputeni. Katundu ameneyo anali wolemera kwa mwana, chifukwa timuyo inali yofooka ndipo maso onse a ku Vicente Calderón, bwalo la Atlético nthawi imeneyo, anali pa iye.

Rafael Benítez, mphunzitsi wa Liverpool nthawi imeneyo, anamugula mu Julayi 2007 pa ndalama pafupifupi mapaundi 20 miliyoni, ndipo chaka choyambacho anamwetsa zigoli 24 mu ligi, 33 mu zikho zonse. Chinsinsi chake chinali mamita ochepa oyambirira. Sanali wa njomba zambiri, ndipo kusunga mpira atafulatira golo sinali ntchito yake. Ankaima pa phewa la wotchinga womaliza, mbali imene wotchingayo sangaone mpira ndi munthu nthawi imodzi, n'kudikira kuti Steven Gerrard adzutse mutu. Benítez anamanga timu yonse pa chinthu chimenechi: Xabi Alonso ndi Javier Mascherano pakati, Gerrard patsogolo pawo pang'ono, Torres yekha kutsogolo. Mpira ukalandidwa unkadutsa pa miyendo iwiri kapena itatu basi, n'kugwera kuseri kwa otchinga.

Mukapeza mpata onerani chigoli chake choyamba ku Anfield, mu Ogasiti 2007, posewera ndi Chelsea. Gerrard akuponya mpira mbali ya kumanzere. Torres akuulandira, ndipo m'malo mothamangira golo akuchepetsa liwiro mpaka Tal Ben Haim nayenso waima, mapazi onse awiri pansi. Pamenepo ndiye akukankhira mpira kutsogolo n'kunyamuka. Munthu amene waima sangamupezenso. Kenako akutsegula thupi n'kuuika ndi m'kati mwa phazi pa ngodya yakutali, Petr Čech osaufikira. Palibe mphamvu yowononga, ndipo chimene chapha Ben Haim ndi kuima kuja.

Chigoli cha ku Vienna pa 29 Juni 2008, mu ndime yotsiriza ya Euro ndi Germany, chikuonetsa mbali ina. David Villa anali atavulala mu semifainolo, choncho Torres anali yekha kutsogolo. Pa mphindi 33 Xavi anatembenuka n'kulowetsa mpira pakati pa otchinga. Philipp Lahm ndiye anali pafupi ndi mpirawo ndipo anali atatseka njira ya m'kati. Wosewera wamba akanamukankha kumsana n'kupalamula. Torres anamuzungulira kunja, njira yaitali, n'kumupitirira, ndipo Jens Lehmann atadziponya pansi anangounyamula pang'ono mpira ndi phazi lamanja kuti umudumphe. Spain inali isanatenge chikho chachikulu chichokereni 1964. Chaka chimenecho anakhala wachitatu pa Ballon d'Or, kumbuyo kwa Cristiano Ronaldo ndi Lionel Messi.

Kuthamanga kumeneku kumaphunzitsika, ndipo anyamata anu angathe. Ikani wotchinga m'modzi, wopatsira mpira m'modzi pa mtunda wa mamita 15 kapena 20, ndi goloboyi. Womwetsa aime pa phewa la wotchinga, kumbali yakutali ndi mpira. Asanyamuke mpaka wopatsirayo atagwira mpira bwino n'kudzutsa mutu. Ana ambiri amanyamuka mpira ukadali m'njira kupita kwa wopatsira, n'chifukwa chake amagwidwa ofusayidi. Masitepe oyamba awiri kapena atatu ayende chopingasa, motsata mzere wa otchinga, kenako akhote n'kulunjika golo. Kukhota kumeneku kumamupatsa liwiro asanadutse mzere. Akaugwira mpira koyamba aukankhire kutsogolo kwa wotchingayo, kuti thupi lake likhale pakati pa mdani ndi mpira. Wotchinga akamukhudza pamenepo ndi mlandu. Cholakwika chofala ndi kuukankhira mpira kunja pothawa wotchinga, golo n'kuchepa. Pomaliza ayang'ane goloboyi kamodzi kokha: ngati waima, auike pansi pa ngodya; ngati wadziponya, aunyamule. Zimenezi muzichita kumayambiriro kwa pulakatisi atatenthetsa thupi, maulendo 6 kapena 8 aliyense, akupuma mokwanira. Mwana wotopa amathamanga pang'onopang'ono, ndiye mudzakhala mukumuphunzitsa nthawi yolakwika yonyamukira.

Tsopano ku chimene chinawonongeka. Mu 2008 mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu unayamba kumuvuta mobwerezabwereza, ndipo mnofu umenewu ndi umene umakokedwa kwambiri munthu akamathamanga ndi mphamvu zake zonse. Anaseweratu bwino ndithu. Pa 14 Malichi 2009 anamulanda mpira Nemanja Vidić, amene anaulola kunjanja, Liverpool n'kupambana 4-1 ku Old Trafford. Koma mu 2010 bondo lamanja linachitidwa opaleshoni kawiri, mu Januwale ndi mu Epulo. Vuto linali pa meniscus, kanyama kolimba kamene kamakhala pakati pa mafupa awiri a m'bondo kuti asamakhulane. Kakang'ambika madokotala amatha kudula mbali yowonongekayo, ndipo munthu amadzuka msanga, koma chodulidwacho sichimeranso. World Cup ya kwanuko inali itayandikira. Spain inasewera ndi Switzerland ku Durban pa 16 Juni, pasanathe miyezi iwiri chichitireni opaleshoni yachiwiri, ndipo Torres analowa m'bwalo. Mpikisano wonsewo sanamwetse chigoli. Mphunzitsi Vicente del Bosque anamusiya pa benchi mu semifainolo n'kuika Pedro, ndipo mu ndime yotsiriza ku Soccer City analowa mochedwa. Mpira umene Andrés Iniesta anamwetsa nawo chigoli chopambanitsa unadutsa pa phazi lake, koma masewero asanathe anagwa pansi atagwira mphechepeche. Anatenga chikho cha dziko lonse ndi thupi limene linkafunika kukhala likupuma, ndipo ine ndimakhulupirira kuti mtengo wake anaulipira zaka zonse zotsatira.

Pamenepa ndikupempheni chinthu chimodzi pa anyamata anu aakuluwo. Kawiri pa sabata agwade pa udzu, mnzake amugwire akakolo, ndiye azigwa chafufumimba pang'onopang'ono, msana ndi chiuno zili chowongoka, mpaka adzigwire ndi manja. Ayambe ndi maulendo atatu kapena asanu, chifukwa masiku oyamba ntchafu zimawawa kwambiri. Zimenezi zimalimbitsa mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu uja, zili mu ndondomeko yopewera kuvulala ya FIFA 11+, ndipo sizifuna chipangizo chilichonse. Ndipo mwana amene bondo lake limatupa akasewera asabwerere m'bwalo chifukwa choti masewero a mawa ndi ofunika.

Chelsea inamugula pa 31 Januwale 2011 pa mapaundi 50 miliyoni, ndalama imene timu ya ku Britain inali isanalipirepo. Anagula munthu wa 2008, koma amene anafika anali atataya kaliwiro kaja. Timuyonso sinali yake. Chelsea inali itazolowera Didier Drogba, amene amalandira mpira pachifuwa atafulatira golo, Frank Lampard n'kubwera kudzamaliza. Matimu ambiri akamasewera ndi Chelsea ankadzazana pafupi ndi golo lawo, choncho kuseri kwa otchinga kunalibe malo oti munthu athamangiremo. Chigoli choyamba chinadza pa 23 Epulo ndi West Ham, patadutsa pafupifupi miyezi itatu. Womwetsa zigoli akayamba kukayika amaugwira mpira kawiri pamene ankaugwira kamodzi, ndipo zinaonekera poyera ku Old Trafford mu Seputembala 2011 pamene anamudutsa David de Gea n'kuphonya golo lopanda munthu. Wonjezerani apo aphunzitsi asanu pa zaka zitatu ndi theka: Ancelotti, Villas-Boas, Di Matteo, Benítez ndi Mourinho. Ku Liverpool anamwetsa 81 pa masewero 142, ku Chelsea 45 pa masewero 172.

Zikho zokha anazitola. Pa 24 Epulo 2012 ku Camp Nou, mu semifainolo ya Champions League, Barcelona yonse itakwera kutsogolo, anapeza theka la bwalo lopanda munthu n'kumudutsa Víctor Valdés. Chaka chomwecho anatenga FA Cup, Champions League ndi Euro, kumene anapatsidwa nsapato ya golide ndi zigoli zitatu, ndipo mu 2013 anamwetsa pogonjetsa Benfica mu Europa League. Ku AC Milan anangodutsako, chigoli chimodzi pa masewero 10.

Gawo limene ndimaliona kuti linamupanga mphunzitsi ndi la kubwerera kwawo ku Atlético mu Januwale 2015, pamene anthu pafupifupi 45,000 anadzaza Calderón kudzangomulandira. Mphunzitsi Diego Simeone, amene anasewera naye limodzi zaka za m'mbuyomo, sanamulonjeze malo. Pa Simeone wakutsogolo ndiye woyamba kutchinga: amatsekereza njira ya mpira wopita pakati, amakankhira adani kumbali, ndipo timu ikapanikizidwa amatsika mpaka pafupi ndi osewera apakati. Torres anaphunzira kulimbana ndi mipira ya m'mwamba kuti Antoine Griezmann atole, kukhala pa benchi osadandaula, ndi kulowa mphindi 20 zomaliza ali wokonzeka. Ndi zinthu zimene wosewera wa liwiro safuna kuzidziwa liwiro likadalipo. Atamwetsa chigoli chake cha 100 cha Atlético posewera ndi Eibar mu 2016, jezi yake anakapereka kwa Manuel Briñas, mkulu amene anamulandira ku timu ya ana. Anatenga Europa League mu 2018 ku Lyon, anapita ku Sagan Tosu ku Japan, ndipo anapachika nsapato pa 23 Ogasiti 2019 posewera ndi Vissel Kobe ya Iniesta ndi Villa. Timu ya dziko lake anaisewerera ka 110, zigoli 38.

Ku Ulaya dzina silikupatsa chilolezo chokhala pa benchi. Pali mapepala a UEFA B, kenako A, kenako Pro, ndipo pa gawo lililonse munthu amayenera kugwira ntchito pa timu yeniyeni akuyesedwa. Torres anatenga Juvenil A ya Atlético, ya anyamata osapitirira zaka 19, mu 2021. Mu 2022 anaifikitsa mu semifainolo ya UEFA Youth League, koma Salzburg inawaswa 5-0. Mwa ana amene anadutsa m'manja mwake muli Pablo Barrios, amene Simeone anamukweza chaka chomwecho. Mu Juni 2024 anapatsidwa timu yachiwiri, imene nthawi imeneyo inkasewera mu Primera Federación.

Ntchito imeneyi ndi yovuta kuposa momwe imaonekera. Primera Federación ndi ligi yachitatu, ya matimu 40 m'magulu awiri. Wotsogola pa gulu amakwera, anayi otsatira amakalimbirana malo otsala, ndipo asanu apansi amatsika. Anyamata a zaka 19 ndi 20 amakumana ndi akuluakulu amene akudyetsa mabanja ndi mpira womwewo, ndipo kawirikawiri ana amagonja pa makona ndi mipira yoima, kumene thupi ndi kuchenjera zimalamulira. Mphunzitsi wa timu yachiwiri sadziwa Lachisanu ngati wosewera wake wodalirika akhalapo Lamlungu, chifukwa timu yaikulu ikavulalitsa munthu imangomutenga. Mwana akaphuka bwino amakwezedwa kapena kubwereketsedwa, ndiye chaka chilichonse umayambiranso. Akuluakulu a kalabu amakuweruza ndi ana amene wawakonza, pamene matimu akunja amene angakulembe ntchito amayang'ana mapointi.

Pali zimene zimandidetsa nkhawa. Mu Meyi 2023 Torres anapatsidwa khadi lofiira atakankhana ndi Álvaro Arbeloa, mphunzitsi wa ana a Real Madrid nthawi imeneyo, munthu amene anasewera naye ku Liverpool ndi ku Spain. Pamaso pa ana zimenezi sizoyenera, ngakhale masewero atawawa bwanji. Mbiri ya anzake omwetsa zigoli nayonso ndi yosalimbikitsa. Fernando Morientes anachotsedwa ku Fuenlabrada mu 2016 chaka chisanathe. Raúl anatenga Youth League mu 2020, koma anakhala ndi Castilla, timu yachiwiri ya Real Madrid, kuyambira 2019 mpaka 2025 osaikweza. Aphunzitsi ambiri otchuka, monga Guardiola, Ancelotti, Xabi Alonso ndi Simeone yemwe, anali osewera apakati, amene amaona bwalo lonse mbali zonse. Wakutsogolo amakula akuona otchinga awiri ndi goloboyi, ndipo zambiri zimene amachita sangazifotokoze chifukwa thupi limangozichita lokha. Apa ndi pamene ndimamuikira kumbuyo Torres. Iye thupi linasiya kumuchitira lokha ali ndi zaka 26, ndipo zaka zisanu ndi zinayi zotsalazo anasewera ndi mutu, akufufuza poima, nthawi yonyamuka ndi ntchito yoti agwire tsiku limene chigoli chakana. Mwana wa zaka 18 amene watha miyezi iwiri osamwetsa akafika kwa iye, akulankhula ndi munthu amene zinamuonekera dziko lonse likuyang'ana.

Mukayesa kuthamanga kokhota kuja mundiuze kuti akulakwitsa pati, makamaka ngati vuto lili kwa wothamanga kapena kwa wopatsira, chifukwa kawirikawiri timakalipira wakutsogolo pamene wochedwa ndi wapakati. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
Madalitso