Kambalame ka pa Chambe kandipeza ku Joni

Aise,

Usandidandaule kuti ndakhala chete. Kuzizira kwatha kuno, ndiye ntchito ya m'munda wa maluwa kwa abwana yandipanikiza. Chandilembetsa lero ndi kambalame, useke ngati ukufuna.

Ukukumbuka tikugona pa Chambe, paphiri la Mulanje, masiku aja tinkasenza zikwama za alendo? Kusanache m'tchire munkalira kambalame ka pakhosi pofiirira, ka mzere woyera pamwamba pa diso. Mzungu wa zoonera patali uja ankakatchula Cape robin-chat. Kali kuno aise, mumpanda momwe ndimagwira ntchito ku Randburg! Tsiku loyamba ndinaimika wilibala, ndinangoti kakasi. Kwathu umayenera kutuluka thukuta kukwera phiri kuti ukamve, kuno kamaimba pafupi ndi mpopi. Ndaganiza kuti kamatsata kuzizira, paja Johannesburg yakhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ngakhale suona phiri lenileni.

Kamayamba mdima usanachoke, ma hadeda, mbalame zaphokoso za kuno, asanayambe kukuwa ngati anthu oledzera. Kale ndinkayesa kuti mbalame ikamaimba ndiye kuti yakondwa. Ayi ndithu. Kakangoyamba pamtengo wa kuseri, kanzake kamayankha kutsidya kwa mpanda, ndipo kakayerekeza kudumphira kuno nthenga zimauluka. Ndi mkangano wa malire a munda weniweni, wopanda mfumu yoweruza. Kenaka kanadziona pagalasi la m'mbali la galimoto ya abwana, n'kuyesa mdani. Sabata yathunthu kujompha galasi, zitosi mbwee pachitseko, wotsuka ndine. Ndinachita kuveka galasilo sokosi yakale. Koma sindikakwiyira. Ndikamatembenuza manyowa kamabwera pafupi ndi nsapato zanga, mchira uli njo, kudikira nyongolotsi.

Lamlungu lapitali tinapita ndi anyamata a kutchalitchi ku Walter Sisulu Botanical Garden ku Roodepoort. Pathanthwe la pafupi ndi mathithi pali chisa cha ziwombankhanga zakuda. Chakudya chawo chenicheni ndi mbira, koma nyumba zadya tchire, mbira zachepa, ndiye zimagwiranso nkhanga. Zinandikumbutsa mbalame ina ija ya m'nkhalango zakwathu, Thyolo alethe, imene imalondola linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa m'masamba. Iwe unalumidwa mpaka kuvula buluku pofuna kuionetsetsa! Iyoyo singathawire mumpanda wa munthu ngati kanga aka. Nkhalango ikatha, nayo yatha, ndipo za phiri la Thyolo ukudziwa wekha mmene zinathera.

Ndiye ndikupempha, mvula ikayamba ukwere cha ku Ruo, upeze linthumbu, ukhale phee. Ikalira uijambule pafoni unditumizire pa WhatsApp, ya bandulo ndikutumizira kumapeto kwa mwezi. Uvale masokosi aatali ulendo uno.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzako wa ku Joni